A Juwawo Obwezetsa Mawu

Pa maliro a a Juwawo panachitika chinthu chochititsa manyazi, ndipo ndiyamba ndi chimenecho kuti tithane nacho. Amayi awiri anakangana kophikira chifukwa cha mthiko. Mthiko wamba, wamtengo, wopserera kunsonga. Mawu anakwera, anakwera, mpaka mmodzi analoza mnzake nati, "Iwe, dzanja lakubalo lidzauma tisanadye mondokwa!"

Mawuwo anamveka pamaliro ponse. Kenaka tonse, amuna ndi akazi, adzukulu ndi akwaya omwe, tinatembenuka kufunafuna a Juwawo kuti abwere ndi chikho chawo. Wina anafika pofuula kuti, "Kawaitaneni msanga!" Tinaiwala kuti tasonkhana chifukwa cha iwo omwewo, ndipo ali m'bokosi chapomwepo, atavala jekete imene ndinasoka ndine.

Pali malemu bambo anga, ndinaona ndi maso angawa chivundikiro cha bokosi chikusuntha pang'ono, ngati munthu amene wamva dzina lake ali m'tulo. Ena amati benchi imene panali bokosilo inali yopendekeka. Benchi imeneyo ndakhalapo kambirimbiri, ilibe vuto lililonse.

Mayi wotemberera uja anayesa kubweza yekha. Anatunga madzi, anavumata, analavula, koma mawu ake enieni anali atawaiwala kale. Uyu akuti anati lidzauma, uyo akuti anati lidzapuwala, ndipo wodula nkhani panalibe. Mpaka lero dzanja la mayi winayo mudzi wonse timayamba talipatsa moni tisanapatse mwini wake.

Kwa inu amene simunawadziwe, a Juwawo anali aneba anga kumudzi kwathu, kuseri kwa Thambani, kumene msewu umatopa n'kusanduka njira ya mbuzi. Ine ndine telala, makina anga ali pakhonde la sitolo ina pamsika. Zanga zathera pomwepo.

Iwo anabwera kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, mwana wawo wamkazi Lusiya ali kumsana, chikho chili m'chiuno. Akazi awo anatsala m'njira. Sanatiuzepo kuti anatsala motani, ndipo ife nzeru zosafunsa tinali nazo. Nkhondo itatha, kuno matipate atangoyamba, kunabwera malole odzatenga othawa nkhondo. Bwana wina wa chipewa choyera anawauza kuti nthawi yakwana yowabweza kwawo. A Juwawo anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa, n'kumufunsa kuti kodi iwo anawabwereka kwa ndani. Chobweza ndi khasu, ndi sefa, ndi poto wa eni ake. Munthu amabwerera yekha, akafuna. Bwana uja anayang'ana kumwamba, nakwera lole n'kupita. A Juwawo anadzala manachesi.

Anali munthu wamtali, wowonda ngati ngowe yothyolera zipatso. Poyenda sankamveka. Agalu a m'mudzi mwathu, amene amauwa ngakhale mthunzi wa khwangwala, ankangosendera pambali kuwapatsa njira. Mawu awo a tsiku lonse mukanawalonga m'kabokosi ka machesi, malo a machesiwo n'kutsalabe. Wailesi ankadana nayo, makamaka nyengo ya kampeni. Ankati m'dziko muno mwatuluka mawu ambiri opanda owaweta, ndipo tsiku lina tidzasowa poponda.

Ntchito imene tinkawadziwa nayo inalibe dzina mpaka tinaipatsa tokha: ankabwezetsa mawu. Sanali sing'anga, ndipo mukanawatchula choncho akanakupatsani msana. Analibe nsupa, analibe mizu. Anali ndi chikho chija basi, chakuda ndi ukalamba, chosokedwa ndi waya pamene chinang'ambika.

Iwo ankati mawu oipa akatuluka m'kamwa safa. Amanyamuka ngati mbuzi yodula chingwe n'kuyamba kulondola munthu amene atumidwako. Sathamanga, koma sagonanso. Munthuyo akwere minibasi apite ku Blantyre, awoloke malire apite ku Tete, mawu akubwera pambuyo pake wapansi, ndipo tsiku lina adzamupeza akusamba. Amene angawaitane kuti abwerere ndi mwini wake yekha, ndipo awaitane asanafike.

Pepani, malinga ndi iwo, sikunali kubweza. Pepani ndi wa munthu, amamuziziritsa mtima, ndipo ndi wabwino. Koma mawu amene ali kale pamsewu samva pepani wonenedwa kunyumba. "Ndimangocheza" ndiye ankamuda koposa, chifukwa mawu sadziwa nthabwala, amangogwira ntchito imene apatsidwa. Ine ndi iwo pa nkhani imeneyi tinkasemphana pafupipafupi. Ankati pakamwa panga chikho n'chosakwana, m'pofunika mgolo wonse. Ndikawauza kuti ine sindinanamepo chibadwire, ankangondiyang'ana mwachisoni.

Kabwezedwe kake kanali kotere. Dzuwa likhale paliwombo, nthawi imene munthu amaponda mthunzi wake, kuti mawu asowe pobisala. Malo akhale omwewo pamene mawuwo ananenedwa. Ngati munatukwanirana kuchigayo, tonse ulendo wa kuchigayo. Wonenedwayo akhalepo, amve ndi makutu ake. Wonenayo atunge yekha madzi, kenaka abwereze mawu ake onse monga anatulukira, osawameta, osawadzoza mafuta. Apa ndi pamene amuna a ndevu zawo ankatuluka thukuta, chifukwa mawu amene unanena utapsa mtima, kuwanenanso mtima uli m'malo, apongozi ako ali pomwepo, ndi katundu wolemera kuposa thumba la simenti. Akatero anene kuti "ndabweza," avumate madzi a m'chikho, alavule pansi. A Juwawo ankafotsera ndi phazi n'kunena liwu limodzi la kwawo: "Purontu." Kutanthauza kuti zatha. Dothi ndi limene linkasunga mawuwo. Ankati dothi lili ndi mimba yaikulu, ladya kale anthu ambirimbiri, mawu ochepa sangalitsamwitse.

Chinthu chimodzi ankaletsa maso ali psu: kumeza. Womeza madziwo wabwezera mawu m'thupi mwake, ndipo chimene anafunira mnzake chimatembenukira iye. N'chifukwa chake munthu akavumata, a Juwawo ankamugwira pakhosi ndi zala ziwiri, ngati wogula nkhuku, mpaka atalavula.

Nthawi yonse ya mwambowo nyenje zinkasiya kulira. Izi sindikufuna mtsutso. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nyenje zikuboola makutu, munthu akangokweza chikho chija kuthengo konse kunkangoti duu. Zinkayambiranso akanena purontu.

Ndikupatseni chitsanzo chimodzi. A Nachisale, mayi wa pakamwa pakuthwa kumtunda kwa mudzi wathu, anatuma amuna awo a Dausi kumsika kukagula matemba. A Dausi anachedwa kunyamuka, ankafunafuna chipewa. Mayi aja anati, "Pitani, ndipo musabwerenso!" A Dausi anapita, anagula matemba, koma njira ya kwawo inawasowa. Munthu wobadwira momwemo. Tinkawaona akuzungulira msika, matemba ali m'manja, akupereka moni kwa anthu omwewomwewo. Ukawalozera njira ankathokoza mwaulemu, n'kulowera komweko, posakhalitsa uwaone atulukira kuseri kwa chigayo. Chimanga chinadzalidwa, chinapaliridwa, chinakololedwa. A Nachisale atatopa n'kugona okha anapita kwa a Juwawo. Zinatengera amuna amphamvu kunyamula a Dausi ngati mtolo wa nsungwi mpaka pakhomo pawo kuti amve. Mayi aja atangolavula, a Dausi anayang'ana uku ndi uku nati, "Amayi, nawa matemba anu. Anakwera mtengo." Ndipo matembawo anali abwinobwino. Ndinadya nawo.

Mkangano wawo wotchuka unali ndi anthu a ndale. Munthu wina amene ankafuna uphungu anapereka malata ofolera chisakasa cha sikelo ya ana, n'kulengeza pachimkuzamawu kuti malatawo ndi athu mpaka kalekale. Mavoti atawerengedwa, anapezeka kuti wagwa chagada. Patangopita masiku ochepa kunabwera pikapu ndi amuna a mahamala, akuti abwana awatuma kudzabweza malata awo. A Juwawo anawapeza ali kale padenga. Anawauza modekha kuti chimene akuchitacho chili ndi dzina lake, ndi kulanda, ndipo achitchule bwino kuti Mulungu asavutike pochilemba. Ngati abwanawo akufunadi kubweza, abwere okha masana, atunge madzi, aime pamene anaima, abwereze zimene ananena pachimkuzamawu amayi onse a sikelo akumva. Amuna aja anaseka mpaka wina anagwetsa hamala. Anazula malata, anapakira, analiza galimoto.

Pikapu ija inayenda mpaka pamlatho, n'kukana magiya onse kupatula la m'mbuyo. Inabwerera chafutambuyo, pang'onopang'ono, kukhota pamene njira yakhota, dalaivala atakweza manja m'mwamba kuti tonse tione kuti si iye, mpaka inadzaima pachisakasa pomwe. Atatsitsa malata, magiya onse anabwerera. Amakaniko amati linali vuto la giyabokosi. Giyabokosi yodziwa kumene kuli sikelo ya ana ine sindinaionepo kwina.

Tsopano ndifike pa za Lusiya, chifukwa ndi pamene munthuyu anaonekera kuti ndi ndani.

Lusiya anakula ali yekha ndi bambo ake, mtsikana wachete ngati iwo omwe. Atakula ankapita kukagulitsa manachesi kumalire a Mwanza, kumene madalaivala a malole amadikira mapepala awo, ndipo kumeneko anakumana ndi Alubeto, wa ku Zobue. Alubeto atabwera kudzaonekera, a Juwawo anamufunsa dzina la bambo ake ndi mudzi wa kwawo. Atamva, anadzuka n'kulowa m'nyumba. Zinadzamveka pambuyo pake kuti bambo a Alubeto ndi amene analozera asilikali njira ya kumene anthu anabisala, tsiku limene amayi a Lusiya anatsala.

Pakati pa nyumba yanga ndi yawo pali mpanda wa nkhadze, ndipo nkhadze sizitseka makutu. Tsiku limene Lusiya anamanga katundu wake ndinamva zonse.

"Ababa, Alubeto anali mwana wakumsana ngati ine. Analoza ndani?"

"Magazi sakhala kumsana."

"Ndiye ndikwatiwe ndi mitengo yanu ya manachesi?"

"Lusiya, khala pansi."

"Ndikupita, ababa."

"Pita. Koma ukadzapondanso pabwalo pano, dothi lomweli likudye."

Ananena akumenya pansi ndi chidendene, ngati munthu amene akudzutsa wantchito wake. Munthu amene moyo wake wonse sanatukwanepo ngakhale nkhuku. Lusiya anatuluka pampata wa nkhadze osacheuka. A Juwawo anaima pomwepo pakati pa bwalo, dzanja lili pakamwa, mpaka mthunzi wawo unakafika kunkhokwe. Koma mbuzi inali itadula kale chingwe.

Zaka zinapita. Lusiya sanabwere, iwonso sanamutchule. Anapitiriza kubwezetsa mawu a anthu ena, ndipo anthu ankanong'ona kuti wometa anzake wathawa lumo.

Lusiya anabwera chaka china chilimwe chili pakati, pa kabaza, ali ndi ana awiri ndi kamtolo kamodzi. Alubeto anali atamwalira, ndipo abale ake anatenga nyumba, mbuzi, mpaka mtondo. Kwina kopita kunalibe. Anatsika, anayenda mpaka pampata wa nkhadze, naima pomwepo, zala za kumapazi zili m'malire enieni a bwalo. Ana analowa, palibe chinachitika, mawu sanali awo. A Juwawo anatuluka m'nyumba. Bambo ndi mwana anayang'anana, bwalo losesedwa bwino lili pakati pawo ngati mtsinje wodzaza.

"Ababa, ndabwera."

"Ndakuona, mwananga. Usasunthe phazi."

Akazi anga anamutenga n'kumuyalira m'kakhitchini kathu, kamene denga lake nyenyezi zimalowa osaodira. Ana ankagona kwa agogo awo, mayi awo kwa aneba. Chakudya ankapatsirana pamwamba pa nkhadze. Mitambo ya mvula inayamba kusonkhana cha ku Mozambiki, ndipo mudzi wonse unkadikira tsiku limene a Juwawo atenge chikho. Koma masiku ankangopita.

Amene analephera kupirira anali a Mbewe, mkulu wa mpingo wathu, munthu wabwino koma wa mawu ambiri. Anabwera atavala tayi.

"A Juwawo, zimenezi ndi zachikunja. Kodi mwana wanu mwamukhululukira?"

"Kalekale."

"Ndiye alowe!"

"Ine ndakhululuka, a Mbewe. Dothi silinamve."

"Dothi lili ndi makutu? Lusiya, bwera nayo kuno silipasi yakoyo. Lero anthu aone."

Anatenga silipasi imodzi ya Lusiya, anaiika pakati pa bwalo, natiuza tonse kuti titsinzine. Mapemphero a a Mbewe ndi odziwika. Pa ukwati wina anapemphera mpaka mkwatibwi anayamba kuoneka kuti ndi woyembekezera. Koma tsiku limenelo sanatalikitse kwambiri, mwina ngati nthawi yophika nyemba. Atati ameni tinatsegula maso. Silipasi ija kunalibe. Panali kachulu ka dothi lonyowa, latsopano, chiswe chili yakaliyakali, ndipo pamwamba pake pankangooneka kalamba kabuluu. Dzuwa lili ng'aa, bwalo louma ngati chiwaya. Ndipo aliyense amadziwa kuti chiswe sichidya pulasitiki.

A Mbewe anati nkhaniyi ikufunika kuipempherera mofatsa kunyumba. Anatuluka akukweza mawondo ngati munthu amene akuwoloka dambo.

Madzulo a tsiku lotsatira ndinawapeza a Juwawo m'munda wa manachesi, tsidya lina la njira, akudulira nthambi zouma.

"Abambo, nanga mukudikira chiyani? Mvula ikubwera. Khitchini yanga ija mukuidziwa."

"Telala, mawu a anthu onsewa ndimapereka kwa ndani?"

"Kwa dothi."

"Nanga awa ndinatuma ndani?"

"Dothi lomwelo," ndinatero.

"Ndikalavulira pansi," iwo anatero, "ndiye kuti ndalikumbutsa."

"Kalavulireni mumtsinje."

"Kumunsi kuli ana a eni ake akusamba."

"Pamoto nanga?"

"Utsi umalowa nyumba zonse."

"Ndiye kulibe kotayira."

"Malo alipo amodzi," anatero, n'kupitiriza kudulira.

Ine ndi nzeru zanga za utelala ndinaganiza kuti akunena chimbudzi.

A Juwawo anasankha tsiku la Loweruka. M'mawa anapita okha kumjigo, munthu wa imvi pamzere wa amayi, kukatunga madzi. Dzuwa litafika paliwombo anthu anali atadzaza kunja kwa mpanda. Pabwalo palibe analowa, ngakhale a Mbewe. Lusiya anaima pampata, phazi limodzi lili ndi silipasi, lina lili losavala. A Juwawo anaima pakati, pamalo omwe aja. Panalibe wowagwira pakhosi, chifukwa wogwira pakhosi anali iwo.

Anabwereza mawu aja onse, osasiyako ngakhale limodzi, maso ali pa mwana wawo. "Ukadzapondanso pabwalo pano, dothi lomweli likudye." Lusiya anagwira nkhadze osamva kuti utomoni ukumuwotcha. Kenaka a Juwawo anati, "Ndabweza," nakweza chikho. Nyenje zinasiya.

Anavumata. Masaya anatupa. Tinadikira kuti awerame alavule. Anayang'ana pansi nthawi yaitali, ngati munthu amene akutsanzikana ndi mnzake wakale. Kenaka anaweramuka, nakweza chibwano.

"Ababa, lavulani!" Lusiya anakuwa. "Ababa!"

Anameza. Ndikulumbira pali manda a amayi anga, tinamva tonse madziwo akutsika, phokoso lake ngati mwala wogwera m'chitsime chakuya, ndipo unatenga nthawi kuti ufike pansi.

"Purontu," anatero. "Lowa, mwananga. Nyumba ndi yako."

Anayamba kuyenda kulunjika pampata. Bwalo lija linali louma loti khasu likanathetheka moto, koma phazi lililonse ankachita kulizula ngati ali m'matope, ndipo m'mbuyo mwawo munkatsala mapazi ozama. Pampata anapatukirana ndi mwana wawo, iwo akutuluka, iye akulowa. Lusiya anaponda ndi phazi losavala lija. Anapondanso. Nkhuku inadutsa ikutola zake. Palibe chinachitika. Anafika pakhonde, anakhala pansi, analira kulira kumene sanalire pa maliro a mwamuna wake.

Kuyambira tsiku limenelo a Juwawo sanapondenso pabwalo pawo. Anamanga kamsasa m'munda wa manachesi, tsidya la njira, pamene ankatha kuona khomo la nyumba. Lusiya ankawapititsira chakudya komweko. Ankalamulira pakhomo ali kunja kwa mpanda ngati kapitawo: denga lafuna udzu uko, nkhokwe yapendekeka, mwana uyo asaseweretse mpeni. Anthu ankabwerabe kudzawatenga kuti akabwezetse mawu, ndipo ankapita. Wina akawafunsa ngati sakusowa nyumba yawo, ankayankha kuti nyumba imaoneka bwino ukakhala panja.

Anakhala choncho zaka zambiri, mpaka ana a Lusiya anakula. Ine ndinayamba kuganiza kuti mwina mawu aja anasungunuka m'mimba pamodzi ndi chinangwa. Koma chaka chathachi anandiitana kuti ndiwasokere jekete yakuda. Ndinapita kumsasa ndi tepi yanga. Pozunguliza tepi pamimba, khutu langa linayandikira malaya awo, ndipo ndinamva. Munali mawu. Apansipansi, ngati wailesi ya nyumba yachitatu, koma liwu linali lawo lomwe, la zaka zija, laukali, likubwereza chinthu chimodzimodzi. Pakamwa pawo panali potseka. Tepi inandigwa m'manja.

"Wawamva?" anandifunsa.

"Mwina ndi nyemba, abambo."

"Ali momwemo, Telala. Sanafe. Akudikira chitseko."

Anandifotokozera ngati akunena za mtengo wa feteleza. Munthu akamwalira, mpweya womaliza umatuluka ndi zonse zimene anasunga. Iwo akafera kumsasako, mawuwo adzatuluka, adzawoloka njira, n'kukapitiriza ntchito imene anatumidwa poyamba. Dothi la pabwalo paja linalonjezedwa munthu, ndipo silinapatsidwe.

"Ndiye mutani?"

"Iwe soka jekete. Manja ake asafupike."

Ndinasoka. Anailandira, anaiyesa, anadandaula za mabatani. Anakhala nayo miyezi ingapo ili pamsomali. Miyendo inayamba kutupa, chakudya chinayamba kubwerera m'mbale momwe chapitira.

Tsiku lake linali Lachiwiri, lopanda chilichonse chapadera. Ine ndinali kunyumba chifukwa lamba wa makina anali ataduka. Dzuwa lili paliwombo ndinawaona akuwoloka njira, atavala jekete ija, akuyenda pang'onopang'ono ndi ndodo. Pampata wa nkhadze anavula nsapato, naziika pambali mosamala ngati akulowa m'nyumba ya eni ake. Kenaka analowa.

Lusiya anali akupeta chimanga pakhonde. Lichero linagwa.

"Ababa, mukutani? Tulukani!"

"Ndabwera kudzacheza. Kodi pakhomo pano alendo mumawathamangitsa?"

"Ababa, chonde."

"Ndatopa, mwananga. Ndikhale pansi."

"Dikirani ndiyale mphasa."

"Usayale."

Anakhala padothi penipeni, pakati pa bwalo, natambasula miyendo. Lusiya anagwada pambali pawo. Ine ndinaima pankhadze. Anacheza ndithu. A Juwawo anamuuza Lusiya kuti amasesa mosiya m'makona. Anamufunsa kuti chitseko chija anasintha liti. Anamuuza dzina la mtsinje umene amayi ake anatsalira, limene sanalitchulepo chibwerereni. Kenaka anati akufuna kupuma pang'ono, anagona chammbali, tsaya lili padothi, natseka pakamwa ndi dzanja.

Mthunzi wa nyumba usanawafike anali atapita. Adzukulu a kumanda atabwera kudzakonza thupi sanavutike kumanga chibwano. Akuti ntchito inali yochotsa dzanja lija, ndipo pakamwa anapeza potsekeka ngati pamene ndasoka kawiri.

A kuchipatala anati unali mtima ndi ukalamba. Sindikutsutsa. Munthuyo anali wokalambadi, ndipo mtima anali nawo.

Mvula yagwa nyengo imodzi chichokereni iwo. Kamsasa kaja kagwa mbali imodzi, ndipo manachesi chaka chino abereka mpaka nthambi kuthyoka, popanda wozichirikiza. Lusiya ali pakhomo pake. Amayenda pabwalo ponse wopanda nsapato, amasesa mpaka m'makona, amayanika ufa wake paliponse pamene wafuna.

Pakati pa bwalolo pali kamalo kolowa pang'ono, kotalika ngati munthu wogona chammbali atapinda mawondo. Sipamera kanthu, chiswe sichifikapo, nkhuku zimapalambalala. Mvula ikagwa, bwalo lonse limamwa madzi n'kuuma tsiku lomwelo, monga limachitira dothi la kwathu kuno. Koma pamenepo madzi amangokhala, oyera, osasuntha, mpaka dzuwa lidzawatenge lokha. Dothi la pamenepo silimwanso kanthu. Linakhuta.